Asilikali anga ankawala ngati mapoto atsopano

Anthu anaseka pa nthawi imene sankayenera kuseka, ndipo amene ndinawaseketsa ndine.

Linali Lachisanu Loyera, zaka zingapo zapitazo, kuno ku Mzuzu. Achinyamata a kumpingo kwathu ankachita sewero la Njira ya Mtanda monga amachitira chaka ndi chaka, kuyambira pabwalo la tchalitchi n'kudutsa m'misewu ya m'dera lathu, khwimbi la anthu likutsatira pambuyo. Ine ndine mphunzitsi, koma poti kunyumba kuli makina osokera ndipo ndinazolowera kukonzekeretsa ana masewero a kusukulu, anandipatsa ntchito yokonza zovala za asilikali achiroma. Ndinaigwira ndi mtima wonse. Ndinatolera makatoni m'magolosale, n'kudula zapachifuwa zisanu ndi chimodzi, zisoti ndi zishango. Kenaka ndinagula kachitini ka penti wasiliva uja timapaka pamageti. Ndinapaka kawiri. Zitauma ndinaziyala pakhonde n'kuitana mayi a kunyumba kuti adzaone luso la amuna awo.

Tsikulo mvula inakata cha m'ma 10 koloko, dzuwa n'kutuluka. Asilikali anga atangotulukira kuseri kwa tchalitchi anang'anima moti anthu ena anaphimba maso. Kamwana kena kali paphewa pa bambo ake kanafuula kuti, "Adada, onani mapoto akuyenda!" Kuseka kunayambira kumbuyo n'kufika mpaka kutsogolo. Mnyamata amene ankasewera ngati Yesu anali atagwa ndi mtanda, fumbi lili kumaso, koma mapewa ake ndinawaona akugwedezeka. Amayi achikulire amene chaka chilichonse amakhetsa misozi pamalo amenewo anabisa nkhope m'zitenje, ndipo sikunali kulira ayi. Anyamatawo anali atayeserera miyezi iwiri. Ntchito yawo yonse inatha ndi kachitini kamodzi ka penti.

Palibe anandidzudzula. Kumeneko ndiye kunandipweteka kwambiri, chifukwa kwathu kuno munthu akakulakwira zenizeni amangokuuza kuti "mwayesetsa".

Chaka chotsatira ndinati ndaphunzira. Vuto linali kuwala, ndiye mankhwala ake ndi matope. Matope ku Mzuzu sitigula. Ndinatapa katondo kuseri kwa nyumba, kusakaniza ndi madzi, n'kumata zovala zonse kuyambira chisoti mpaka m'munsi. Ndinang'ambanso malaya a m'kati ndi sizasi apa ndi apo kuti aoneke ngati adutsa pankhondo. Mnyamata amene ankasewera ngati mkulu wa asilikali anapempha kuti atengere zake kunyumba akaonetse mayi ake, ndipo ndinamulola.

M'mawa mwake mayiwo anafika pakhomo panga, chovala chija chili m'thumba la pulasitiki. Tinapatsana moni wa Chitumbuka, ndinawapatsa mpando, iwo anakana n'kukhala pamkeka. Anayamba ndi kuthokoza, monga amachitira munthu amene wabwera ndi mlandu.

"Asambizgi, mwana wanga mwamupatsa udindo waukulu, ndathokoza. Koma izi ndiye ayi. Ine ndinakhala pabanja ndi msilikali mpaka Mulungu anamutenga. Sindinamuonepo akutuluka pakhomo ali chonchi. Uyu si msilikali. Uyu ndi munthu amene wagwera m'ngalande akuchokera kumowa."

Ndinayesa kudziteteza. Ndinati, amama, kunkhondo anthu amada, sakhala ndi nthawi yochapa.

"Amada, inde," anatero. "Koma akafika pogona amayamba wapukuta zida zake asanakhudze nsima. Mawa ndikubweretserani zoti muone."

Anabweretsa jombo za malemu amuna awo ndi lamba wachikopa wa chomangira chamkuwa. Bambowo anagwirapo ntchito ku Moyale Barracks, kambi ya asilikali ya muno mumzinda, imene dzina lake linachokera ku tauni ya Moyale, m'malire a Kenya ndi Ethiopia, kumene asilikali a King's African Rifles ochokera ku Nyasaland analimbana ndi asilikali a Italy mu 1940. Mayiwo anandisiyira zinthuzo kwa mlungu umodzi, atandilonjezetsa kuti ana sazikhudza.

Ndinaziika patebulo n'kumaziyang'ana madzulo alionse. Choyamba chimene chinandidabwitsa n'chakuti panalibe dothi ngakhale pang'ono, komabe mwana wa sitandade 1 akanatha kukuuzani kuti jombozi zayenda mitunda. Kutsogolo zinali zosalala ndi zonyezimira chifukwa cha polishi wa zaka zambiri. Pamene phazi limapindika poyenda panali makwinya akuya, ndipo m'makwinyamo polishi anaunjikana, kuuma, n'kusweka timing'alu. Zidendene zinadyeka kumbali yakunja, chakumanja kuposa chakumanzere. Timabowo ta zingwe tinali toyera mbee pamene chingwe chimakhula, kwina konse tili takuda. Jombo imodzi inasokedwapo ndi wosoka nsapato, ndipo ulusi wake unali wosiyana mtundu ndi woyamba.

Lamba ndiye ankafotokoza mbiri ya mwini wake. Bowo limodzi linali litatanuka, ndipo pambali pake panali mzere wakuda pamene chomangira chinkakhala. Patsogolo pang'ono panali mzere wina wosazama kwenikweni, kusonyeza kuti bambowo ananenepako m'zaka zawo zomaliza. Chomangira chinali chowala pankhope, chosalala mpaka zolemba zake zinayamba kufufutika. Koma m'ngodya, mmene kansalu kopukutira sikafika, munali mwakuda mobiriwirira.

Apo ndi pamene ndinaona kulakwa kwanga kwa zaka ziwiri zonse. Chaka choyamba ndinapanga zinthu zimene sizinagwirepo ntchito. Chaka chachiwiri ndinapanga zinthu zopanda mwini. Chinthu chauve ndi chinthu chakutha n'zosiyana. Chauve chimasonyeza kuti palibe akuchisamala. Chakutha chimasonyeza kuti wina wachigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, akuchipukuta, akuchisoka, akuchikonza, mpaka thupi lake ladindika pamenepo. Chida cha msilikali chimawala pamwamba pamene dzanja limafika, n'kuda m'kati mmene dzanja silifika. Ine ndinkapaka mtundu umodzi paliponse, kaya siliva kaya matope.

Nditawerengako za Aroma ndinapeza kuti mayiwo ankanena zoona ngakhale za asilikali a zaka 2,000 zapitazo. Ku Masada, pafupi ndi Nyanja Yakufa, akatswiri ofukula zakale anapeza kapepala ka malipiro a msilikali wachiroma kosonyeza kuti ankamudula ndalama za chakudya, nsapato ndi malaya. Munthu amene akudulidwa pamalipiro sangalole kuti chovala chake chiwole ndi matope. Zishango zawo pa ulendo ankazikuta ndi chikopa kuti mvula ndi fumbi zisaziononge, n'kudzazivundukula nkhondo ikayandikira. Ndinaphunziranso kuti m'nthawi ya Pilato, amene analamulira Yudeya kuyambira chaka cha 26 mpaka 36, magulu akuluakulu a nkhondo a Aroma ankakhala ku Syria. Amene ankalondera Yudeya anali asilikali othandizira, ambiri olembedwa ntchito m'madera omwewo monga Kaisareya ndi Samariya. Anali anyamata wamba a pantchito ya boma, otopa ndi kulondera, osati ziphona zonyezimira zimene timaona pazithunzi za m'makalendala.

Kuyambira pamenepo ndinasanduka munthu wodabwitsa mumzinda. Ndinkaima pamsika waukulu kuyang'anitsitsa njinga za akabaza mpaka mmodzi anandifunsa ngati ndikufuna kukwera kapena kuba. Njinga ya kabaza ili ndi phunziro lonse. Zogwirira zake penti anachoka, chitsulo n'kusalala ndi thukuta. Matope ofiira amakhala pansi pa madigadi ndi pakati pa masipoko, ndipo amachepa ukamakwera m'mwamba. Dzimbiri limayambira pabawuti n'kutsetsereka pansi ngati msozi, silikwera m'mwamba. Mpando wa kasitomala umakhala woyera chifukwa mwini wake amaupukuta kambirimbiri pa tsiku. Yang'anani mpini wa khasu kunyumba kwanu: pali malo awiri okha akuda ndi osalala, pamene manja amagwira. Mthiko umadyeka mbali imodzi, ndipo ungakuuzeni ngati wophika ndi wamanzere. Chitseko cha minibasi chimayera pamene kondakitala amamenyapo.

Koma phunziro lalikulu ndinakalipeza ku Hora, m'boma la Mzimba, pa mwambo wa Umthetho umene Angoni amachita mwezi wa Ogasiti. Ndinapita ndi mnzanga wa komweko. Anthu ambiri amayang'ana mavinidwe a ingoma, kupondaponda kuja kumene kumagwedeza nthaka. Ine maso anali pa zishango. Zina zinali zatsopano, ubweya uli wonse, mawanga oyera ndi akuda akuoneka bwino, zowongoka ngati thabwa. Zina zinali zakale, ndipo zimenezo ndi zimene ndinkazitsata.

Madzulo mnzangayo ananditengera kwa agogo ake aamuna, amene anali ndi chishango chimene anati anachilandira kwa bambo awo. Anachitsitsa kudenga kumene chinkakhala. Chinali cha chikopa cha ng'ombe, ndodo ili kumbuyo, timizere ta chikopa titalukidwa pakati kuchokera pamwamba mpaka pansi. M'mbali monse ubweya unatha, patsala chikopa chouma chonyezimira ngati nyanga. Pakati ubweya unalipo koma woyera uja unasanduka wachikasu ndi utsi wa m'nyumba. Pamene chibonga chimagunda povina panali dazi lozungulira. Kumunsi kunali kopindikira m'kati chifukwa chokhudza pansi. Kumbuyo, pogwirira, kunali kwakuda bii ndi mafuta a m'manja a anthu awiri, bambo ndi mwana wake. Kamzere kamodzi ka chikopa kanaduka kalekale ndipo anaikapo kena katsopano, koyererako. Mkuluyo anandiuza kuti adani a chishango ndi makoswe, njenjete ndi chinyezi, n'chifukwa chake chimakhala pamwamba pamene utsi umafika.

Ndili m'galimoto pobwerera ndinkaganiza za Angoni a Zwangendaba amene anawoloka Zambezi mu Novembala 1835, atayenda kale zaka zambiri kuchokera kumwera, n'kuyendanso mpaka ku Ufipa, m'dziko limene lero ndi Tanzania, ena mwa iwo asanabwerere kudzakhazikika kuno kumpoto pansi pa M'mbelwa. Kangati ndaonera ana asukulu akusewera ulendo umenewu atanyamula zishango za katoni zopakidwa laimu dzulo lake? Amalowa pabwalo ngati akuchokera kusitolo, pomwe akuti ayenda kuchokera kutsidya kwa Zambezi.

Tsono nazi zimene ndakhala ndikuchita kuyambira nthawi imeneyo, kwa aphunzitsi anzanga ndi atsogoleri a achinyamata amene ali ndi ntchito ngati yangayi.

Ndinasiya kuyamba ndi siliva. Ndimayamba ndi penti wakuda, chovala chonse. Akauma, ndimaviika bulashi mu siliva pang'ono chabe, n'kuipukutira pa nyuzipepala mpaka ioneke ngati yauma. Ndi bulashi youmayo ndimasesa mopepuka m'mphepete, pamapewa, pakati pa chifuwa, pamphumi pa chisoti, paliponse potukuka. Siliva amatsalira pamwamba, m'makwinya n'kukhalabe mwakuda, ndendende ngati chomangira cha lamba uja. Kachitini kamene kanathera pa asilikali asanu ndi mmodzi chaka choyamba tsopano kamakwana zaka zitatu. Njira ina yotsika mtengo koposa ndi pensulo. Mukapala mtima wa pensulo pa sandipepa n'kutikita ufa wake ndi chala pa penti wakuda, pamatuluka kunyezimira kozizira kwa chitsulo chenicheni, kosathobwa m'maso. Ana amakangamira ntchito imeneyi, kungoti muwauze asambe m'manja asanakhudze malaya.

Ngati zovala zanu munapaka kale siliva, musazitaye. Tengani polishi wakuda wa nsapato, mupake paliponse, kenaka mupukute msanga ndi kansanza asanaume. Amachoka pamwamba n'kutsalira m'ming'alu. Polishi wa bulauni amachita chimodzimodzi pa malamba ndi pa zishango.

Zipsera za nkhondo zimafuna kudziletsa. Poyamba ndinkakanda paliponse ngati mphaka wolusa. Tsopano ndimadzifunsa kuti lupanga la mdani lingagunde pati. Limagunda m'mphepete mwa chishango, pamwamba pa chisoti, paphewa. Zipsera ziwiri kapena zitatu n'zokwanira. Ndimadinda ndi nsonga ya supuni, kudetsa m'kati mwake, n'kuika kamzere kowala m'mbali mwake pamene chitsulo chikanayera. Chimene chimagwira maso a anthu koposa si chipsera koma pokonza: kachigamba kokhomedwa ndi timisomali, chingwe chosiyana ndi chinzake, lamba wolumikizidwa. Timisomalito ine ndimapanga ndi mitu ya mapini kapena njere za nandolo zomatidwa ndi guluu.

Dzimbiri ndimapanga poviika waya wotsukira mapoto mu viniga kwa masiku angapo. Madzi ake ndimadontheza pang'ono pansi pa timisomali kuti atsike okha. Apanso pang'ono pokha, chifukwa msilikali wa dzimbiri lambiri akanalangidwa. Madzi omwewa akakumana ndi nsalu imene yaviikidwa mu tiyi amaisandutsa yotuwa modera, ndiye muyambe mwayesa pa kachidutswa.

Nsalu ndi imene inandivuta nthawi yaitali. Malaya a m'kati ndimasoka kuchokera ku mabulangete opyapyala ndi makatani a pakaunjika. Nsalu yakaunjika imathandiza chifukwa yatha kale, koma imakhala itatha monga katani, osati monga malaya. Ndimaiviika mu tiyi wakuda kwambiri kuti mtundu uzime. Kenaka ndimaiyanika padenga milungu iwiri itapindidwa mwakuti dzuwa liwombe pamapewa ndi kumsana kokha, poti ndi mmene limamuwombera munthu woyenda. M'khosi ndi m'khwapa ndimapakamo madzi amchere wambiri, amene akauma amasiya kamzere koyera ka thukuta kamene aliyense wolima amakadziwa. Sizasi ndinaileka. Nsalu sing'ambika mano a sowo. Imayamba yapyapyala, kenaka n'kuboola. Ndimaikhula pa njerwa yootcha m'zigongono ndi m'mphepete mwa m'munsi, ndipo pamene paboka ndimasokapo ndi manja, ulusi wokhuthala, monga angasokere mwamuna amene ali kutali ndi kwawo.

Katondo sindinamutaye, koma anabwerera pamalo pake. Ndimamusefa, kusakaniza ndi madzi ndi guluu wa matabwa pang'ono kuti asayoyoke, n'kuwaza ndi mswachi wakale kuyambira kumapazi kufika m'mawondo, wambiri pansi, wochepa pamwamba. Kupitirira m'chiuno sindifikako. Mwaye wa kumphika ndi makala osinja ndimagwiritsa ntchito pogwirira chishango ndi pa chigumbu cha lupanga. Oyilo wakutha wa galimoto musayerekeze, ngakhale wina akuuzeni kuti amadetsa bwino. Amayabwa pakhungu, sauma, ndipo fungo lake limamveka mpaka kuguwa.

Kuno kuli mdani wina amene anzathu a ku Nsanje sangamumvetse. Pasaka imagwa mu Malichi kapena Epulo, pamene kumwera mvula ikutsazika koma ku Mzuzu ikadali pakati pa ntchito, ndipo ngakhale isagwe, chifunga cha m'mawa chimanyowetsa chilichonse. Katoni akamwa chinyezi amalefuka ngati tchapati. Chapachifuwa chimene chinali chowongoka Lachinayi chimakhala chitagwa pamimba Lachisanu. Ndimamata nyuzipepala katatu pamwamba pa katoni ndi guluu wa matabwa wosungunula, mbali zonse ziwiri, osaiwala m'mphepete mmene madzi amalowera. Pomaliza pa zonse ndimapaka vanishi wosawala. Wowala amakubwezerani ku mapoto aja. Zigubu zakutha za mafuta ophikira za malita 20 zimapirira mvula kuposa katoni, ndipo kupindika kwake kumakhala bwino pachifuwa, koma muyambe mwazitsuka ndi sopo n'kuzikhula ndi sandipepa, apo ayi penti amasupuka. Chaka china guluu anandithera ndipo zapachifuwa ziwiri ndinamata ndi phala la ufa wa kondowole. Linagwira bwino zedi.

Pali zinthu ziwiri zimene sizifuna ndalama. Choyamba, muziyang'ana ntchito yanu muli patali. Chimene chikuoneka chokwanira patebulo chimasowa mukaima mapazi 20 kuchokera pamenepo, ndipo chimene chikuoneka bwino m'holo chimasintha padzuwa. Ine ndimamuveka mnyamata n'kumuimika kutsidya kwa msewu. Chachiwiri, ovalawo azivala zovalazo poyeserera. Kale ndinkazibisa mpaka tsiku lenileni kuopa kuti ziwonongeka. Tsopano ndimazipereka mwezi wathunthu sewero lisanafike, aliyense chakechake. Makwinya amabwera pamene thupi lake limapindika, lamba amaphunzira chiuno chake, ndipo mnyamatayo amasiya kuyenda ngati wanyamula mazira. Asilikali asanu ndi mmodzi asafanane. Wina ndi watsopano pantchito, wina wakalamba nayo, wina ndi waulesi pang'ono, ndipo mkulu wawo ndiye waudongo kuposa onse.

Mphwanga amene amakonda mafilimu anandiseka nditamufotokozera zonsezi. Anati ndavutika kutulukira zimene anzathu akunja amalembera anthu ntchito. N'zoona. Kumene amapanga mafilimu akuluakulu kuli amisiri amene ntchito yawo ndi kukalambitsa zovala basi. George Lucas, popanga Star Wars imene inatuluka mu 1977, anafuna kuti zombo ndi zida zioneke zogwiritsidwa kale ntchito, pomwe mafilimu a zam'mlengalenga a nthawi imeneyo ankakonda zinthu zoyera mbee. Ku New Zealand, a Weta Workshop popanga malaya aunyolo a mu The Lord of the Rings anadula mapaipi apulasitiki kukhala timphete mamiliyoni, n'kutilumikiza ndi manja. Nditamva zimenezi ndinasiya kuchita manyazi ndi zigubu zanga.

Komabe pali chinthu chimene iwo alibe, chimene ife tiyenera kuchisamala. Mawu a mayi aja sanali a zaluso chabe. Ife tinakula tikudziwa kuti pamaso pa anthu umavala zabwino koposa zimene uli nazo. Pitani ku Nkhata Bay kapena ku Karonga mukaone malipenga, gule amene anatengera perete wa asilikali a nthawi ya atsamunda. Amuna amene mkati mwa mlungu ali m'bwato kapena m'munda wa chinangwa amatulukira atavala makabudula ndi malaya oyera ositidwa bwino, masokosi ofika m'mawondo, nsapato zopukutidwa. Kadontho kamodzi ka dothi ndi manyazi a boma lonse, monga amatchulira gulu lawo. Kumeneko kuwala ndiye mfundo yake, ndipo munthu wopita ndi polishi wanga wodetsera angathamangitsidwe. Kwa kholo limene lavutika kuti mwana wake asaoneke wosauka, kumuona ataima pamaso pa mpingo wonse atavala nsanza si nkhani yamasewera. Ena mwa anyamata anga nsanza amazidziwa kale kunyumba.

N'chifukwa chake zimandiwawa ndikaonera masewero ndi mafilimu athu ena. Munthu wakumudzi amamuonetsa m'njira ziwiri zokha. Mwina wavala chitenje chatsopano mizere ya m'sitolo ikuonekabe, kapena wavala malaya odulidwa ndi sizasi, makala atapakidwa kumasaya. Amene anakulira kumudzi amadziwa kuti zonsezi n'zabodza. Agogo anga anali ndi jekete imodzi moyo wawo wonse umene ine ndinawadziwa. Inali ndi zigamba m'zigongono, kolala inatembenuzidwa, mabatani anali a mitundu itatu, koma sinkaona dothi. Kumuveka wosauka uve ndi kumunamizira. Ine ndinachita zomwezo kwa msilikali, ndipo zinatengera mkazi wamasiye kuti andiletse.

Lachisanu Loyera la chaka chimenecho kunacha ndi chifunga, kenaka mvula yowaza. Asilikali anatulukira kuseri kwa tchalitchi monga kale. Ndinaima kumbuyo kwa khwimbi, mtima uli m'mwamba, kudikira kamwana kena. Palibe anaseka. Palibenso anayamikira zovala, ndipo pambuyo pake nditafunsa anthu angapo anavutika kukumbukira kuti asilikali anavala chiyani. Ankakumbukira kuti mkulu wa asilikali anali woopsa, kuti atakweza dzanja ana anathawira kumbuyo kwa amayi awo. Amayi achikulire aja analira pamalo pawo pa nthawi zonse.

Mayi a mnyamatayo ndinawaona ataima pafupi ndi mtengo, ambulera ili m'manja koma osaitambasula. Sewero litatha anapita kwa mwana wawo, anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kumukonza lamba amene anali atapendekeka. Kenaka ananyowetsa nsonga ya chitenje ndi malovu n'kupukuta kadontho ka matope kamene kanagwera pa chomangira. Atandiona anangoti, "Asambizgi, chisoti chija chakula, chikumutsekera maso. Chaka chamawa muchepetseko."

Ndinachepetsa. Zapachifuwa zinayi mwa zija zikadalipo, ndipo chaka chilichonse zimaoneka bwino kuposa chaka chapita popanda ine kuchitapo kanthu. Ziwiri za phala la kondowole makoswe anazipeza m'chipinda chosungiramo katundu, n'kudya mpaka kutsala malamba okha. Panopa ndikufunafuna zigubu ziwiri.